Loko wa pa nyimbo ndi mafilimu amene mwalipira kale

Dandaulo limene ife okonza mafoni ndi makompyuta kuno ku Lilongwe timalimva kawirikawiri ndi lakuti munthu walipira Spotify kapena Netflix, watsitsa nyimbo ndi mafilimu, koma atazikopera pa memory card kuti azimvera m'galimoto kapena aonere pa TV, zikukana kutseguka. Foniyo ili bwinobwino. Mafayilowo ndi amene ali ndi loko wotchedwa DRM.

Fayilo yotere imafika kwa inu itasokonezedwa dala, ndipo kiyi woitsegulira amasungidwa ndi kampani. App ya m'foni imapempha kiyiyo, kampani n'kuona ngati mwalipira mwezi uno, kenako imabwereketsa kwa kanthawi. N'chifukwa chake Spotify imafuna kuti foni ilowe pa intaneti kamodzi pa masiku 30 alionse, apo ayi nyimbo zimene munatsitsa zimasiya kulira. Kwa munthu wa ku Kawale amene amagula bandulo ndalama ikapezeka, lamulo limeneli si laling'ono.

Ndiye kuti mwagula chilolezo chomvera, fayiloyo si yanu. Mu 2019 Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku a pa intaneti, ndipo mabuku amene anthu anagula anasiya kutseguka. Ndalama anabweza, inde, koma mabukuwo anapita.

Palinso china chimene ogulitsa mafoni ambiri satchula. Mafoni a Android amagwiritsa ntchito loko wa Google wotchedwa Widevine. Foni imene ili pa mlingo wa L1 imatha kuonetsa Netflix mu HD, koma ya pa L3, monga mafoni ena otsika mtengo, imapatsidwa chithunzi chosaoneka bwino ngakhale mutalipira ndalama zofanana ndi mnzanu. Skrini ikhoza kukhala yaikulu, netiweki yamphamvu, sizisintha kanthu.

Amene anagulapo ma DVD enieni akukumbukira za zigawo: Malawi ali m'chigawo 5, South Africa mu 2, America mu 1. Chimbale chogulidwa mwachilungamo ku Johannesburg chimatha kukana pa pleya ya chigawo china, pomwe chowotcha cha pamsika chimasewera paliponse. Loko wa pa DVD anathyoledwa kalekale mu 1999, ndipo mmodzi mwa omuthyolawo anali mnyamata wa ku Norway, Jon Lech Johansen. Apa ndi pamene ine ndimatsutsana ndi DRM: amene amavutika naye ndi wolipira, wakuba samuona n'komwe.

Sindikuikira kumbuyo owotcha nyimbo m'timashopu. Oimba athu amalipira situdiyo ndi ndalama zawo, ndipo lamulo la Copyright la 2016, limene bungwe la COSOMA limayendetsa, limateteza ntchito zawo. Koma kulipira woimba sikudalira loko. Apple inachotsa DRM pa nyimbo zogulitsa pa iTunes mu 2009, malonda n'kupitirira.

Choncho musanapereke ndalama, funsani ngati mulandire fayilo wamba ya MP3 kapena PDF imene mungaisunge pa flash, kapena ngati chinthucho chizitseguka mu app mokhamokha. Pogula foni ku Area 2 kapena kwina kulikonse, ikanimo ka app kotchedwa DRM Info muli pomwepo, kakuuzani ngati ili pa L1 kapena L3.