Ndiwo za m'thumba ndi m'ndowa: nthawi yodzala ndi Ogasiti

Chisanu chikamatha, usiku ukayamba kufunda koma dzuwa la Okutobala lisanafike, pamakhala masabata pafupifupi 8 omwe mpiru, repu ndi chaina zimakula bwino kwambiri. Kwa munthu wa lendi ku Ndirande, kwa Chinsapo kapena ku Chibavi, amene malo ake ndi khonde ndi kampata ka pakati pa nyumba ndi mpanda, masabata amenewa ndi ofunika kuposa kwa mwini dimba. Wa ku dimba ali ndi nthaka yakuya yosunga chinyezi ndi kuzizira. Wa m'thumba ali ndi dothi la ndowa 4 basi, ndipo dothi lochepa limatentha msanga, limauma msanga, chakudya chake chimathanso msanga. Pafupifupi vuto lililonse la ulimi wa m'zotengera limachokera pamenepa.

Choncho nazale ifesedwe kumapeto kwa Julaye kapena sabata yoyamba ya Ogasiti. Beseni lotha loboola pansi likukwana. Lembani timizere totalikirana masentimita 10, fesani mbewu mozama sentimita imodzi, phimbani ndi udzu wouma, ndipo muchotse udzuwo mbewu zikangomera, apo ayi mbande zimatalika ngati ulusi n'kugwa. Pakatha masabata 3 kapena 4, zikakhala ndi masamba 4 kapena 5, zakwana kuwokera. Kumadera ozizira monga Dedza ndi Mzimba mukhoza kuchedwa ndi masabata awiri. Ku Nsanje ndi Chikwawa, Ogasiti ndi mochedwa kale kwa mpiru. Kumeneko yambani ndi bonongwe.

Thumba loyenera ndi lija la chimanga la makilogalamu 50. Likadzadza limaima masentimita pafupifupi 75, ndipo likanyowa kulemera kwake kumaposa kwa thumba la chimanga chenichenicho. Simudzalisunthanso, ndiye sankhani malo musanathire dothi. Malo abwino ndi omwe amalandira dzuwa kwa maola 6, makamaka la m'mawa. Mu Ogasiti dzuwa limadutsa chakumpoto, motero khoma loyang'ana kumpoto kapena kummawa ndilo labwino, pomwe loyang'ana kummwera limakhala mu mthunzi tsiku lonse. Khoma loyang'ana kumadzulo lipeweni. Njerwa zake zimamwa kutentha kwa masana n'kumakulavulira pa mbewu mpaka usiku.

Dothi la pabwalo lokha siligwira ntchito. Katondo akathiridwa madzi tsiku ndi tsiku m'thumba amagwirana ngati njerwa, mizu imasowa mpweya, masamba amachita chikasu ngakhale muthire feteleza. Sakanizani ndowa 2 za dothi lakuda la pamwamba, ndowa imodzi ya manyowa owola bwino, ndi ndowa imodzi ya mchenga wa kumtsinje kapena mankhusu a mpunga owola. Ngati dothi lanu ndi lamchenga kale, mchenga usiyeni, onjezani manyowa. Manyowa owola amadziwika: sanunkha khola, satentha m'manja, amafumbutuka ngati dothi. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu ya mbande m'masiku ochepa. Musatenge dothi pamalo pomwe panali tomato, therere kapena fodya wofota, chifukwa nthawi zambiri mumakhala timinyongolotsi tosaoneka ndi maso tomwe timatupitsa mizu ngati mikanda. M'thumba mizu ilibe kothawira.

Chomwe ambiri amadumpha ndi mzati wa miyala pakati pa thumba, chonsecho ndiwo mtima wa ntchito yonse. Mukathira madzi pamwamba pa thumba lopanda mzati, amanyowetsa masentimita 20 apamwamba, otsala amatsetsereka m'mbali n'kutuluka, mbewu za m'munsi n'kufa ndi ludzu thumba likuoneka lonyowa. Pezani chitini chotakata masentimita 10 mpaka 12, muchidule mbali zonse ziwiri chikhale ngati paipi. Pindani thumba mpaka litsale lalifupi, thirani dothi lokwana chikhatho pansi, imikani chitini pakati, chidzadzeni ndi miyala ya kwale kapena timiyala tofanana ndi dzira la nkhunda. Thirani dothi mozungulira chitinicho, kenaka chikokereni m'mwamba miyala itsale. Bwerezani, mukufunyulula thumba pang'onopang'ono, mpaka pamwamba. Chitini chisiyeni pamwamba pomwepo chikhale pothirira. Dothi musalipondeponde, kuligwedeza thumba n'kokwanira. Khomani zikhomo 3 mozungulira kuti lisapendekeke, thirani ndowa imodzi ya madzi, mulisiye masiku awiri kapena atatu dothi likhazikike. Mukawokera tsiku lomwelo, dothi potsika limakoka mbande n'kuzithyola pakhosi.

Mabowo a m'mbali ang'ambeni ndi mpeni, aatali masentimita 3 okha, motalikirana masentimita 20. Mzere woyamba uyambe masentimita 20 kuchoka pansi, ndipo bowo la mzere wapamwamba likhale pakati pa awiri a m'munsi kuti mbewu zisaphimbane. Mizere 3 ya mabowo 5 kapena 6, kuphatikiza mbande 4 pamwamba, ndi mbewu pafupifupi 20 pa malo omwe sakwana ngakhale mpando. Wokerani madzulo. Boolani ndi kamtengo mopendekera pansi, lowetsani muzu wosapindika, tsinani dothi. M'mbali muike repu ndi mpiru. Pamwamba muike chaina, anyezi wa masamba kapena tsabola wa kambuzi mmodzi.

Tomato asalowe m'thumba la masamba. Iye amafuna ndowa yakeyake ya malita 20, mbande imodzi pa ndowa, ndi nsungwi yomangirirapo yozikidwa tsiku lowokera. Chimodzimodzi mabiringanya. Mabowo a ndowa abooleni ndi msomali wamoto, 6 kapena 8, osati pansi penipeni koma m'mbali, masentimita 3 kuchoka pansi, kuti patsale timadzi tothandiza masana. Ndowa yakuda pa dzuwa la Sepitembala imaphika mizu. Ikulungeni ndi chiguduli kapena katoni. Chigubu chomwe munali mankhwala a mbewu, oilo wa galimoto kapena penti musadzalemo chakudya, ngakhale mutachitsuka chotani.

Zopachika pakhoma zimakongola pa zithunzi za pa Facebook, koma kunena zoona botolo la malita 2 ndi laling'ono kwambiri ku nyengo yathu. Likhoza kusunga letesi mmodzi kapena anyezi wa masamba mu Ogasiti, koma pofika Okutobala limauma kawiri pa tsiku. Zigubu za mafuta ophikira za malita 5, zodulidwa m'mbali, ndizo zoyambira. Zipachikeni m'mizere yotalikirana masentimita 40, china pansi pa chinzake, kuti madzi odontha m'chapamwamba agwere m'chapansi. Chapamwamba ndicho chimauma msanga chifukwa cha mphepo, ndiye muikemo zopirira monga anyezi, zokonda chinyezi zikhale m'munsi. Kumbukirani kulemera: chigubu chimodzi chonyowa ndi makilogalamu 6 kapena 7, ndiye zigubu 12 ndi katundu woti msomali wa m'khoma la zidina sungapirire. Imikani chimango cha mitengo kapena nsungwi chotalikirana ndi khoma pang'ono. Chinyezi sichilowa m'nyumba, ndipo ndi a landilodi simukangana.

Thumba limodzi limamwa malita 3 mpaka 5 pa tsiku mu Ogasiti, ndipo kukatentha limafuna kawiri, m'mawa ndi madzulo. Thirani pang'onopang'ono m'chitini. Musadalire maso: lowetsani chala m'bowo la mzere wapansi. Mukapeza mouma, madzi sakufika. Mukapeza matope onunkha, mwachulutsa, dumphani tsiku. Madzi otsukira mpunga, ndiwo kapena otsukuluzira mbale ndi abwino ndipo amapeputsa bilu. Ochapira zovala a sopo waufa ali ndi mchere womwe umaunjikana m'dothi lochepali mpaka nsonga za masamba kupsa. Phimbirani pamwamba ndi udzu wouma. Tomato akamaola kumatako, pakuda ngati papsa, musathamangire mankhwala: si matenda, ndi kuthirira kodumphadumpha, lero chigumula mawa chilala, komwe kumalepheretsa chipatso kulandira kashiamu, chakudya cha m'dothi cholimbitsa chipatso.

Madzi odutsa tsiku lililonse amakokolola chakudya, ndiye pakatha masabata 3 chiwokerereni yambani kudyetsa. Sungunulani zitsekerero 2 za botolo la Fanta za feteleza wa CAN m'malita 10 a madzi, muthire kamodzi pa masabata awiri, dothi lili lonyowa kale. Wopanda feteleza amange zitosi za nkhuku zokwana ndowa yaing'ono m'kathumba, aviike mu dilamu la madzi kwa masabata awiri, kenaka asungunule madziwo mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka. Athire m'chitini, osati pa masamba odyedwa.

Nsabwe za m'masamba zimachuluka nyengo ikayamba kufunda, ndipo zimabisala kunsi kwa tsamba ndi pa nsonga. Tembenuzani masamba kawiri pa sabata. Zikadali zochepa, kuzitikita ndi chala kumatha nkhani. Zikachuluka, sungunulani supuni yaing'ono ya sopo wa mtanda wopala mu lita imodzi ya madzi, kapena viikani masamba a nimu osinja usiku wonse, musefe, mupopere madzulo kunsi kwa masamba. Kupopera masana kumawotcha tsamba. Nkhuku za aneba nazo zimajompha masamba, kuyambira mzere wapansi. Ukonde wakale wa udzudzu usagwiritsidwe ntchito pa ndiwo chifukwa uli ndi mankhwala, koma kampanda ka bango kamathandiza.

Kuthyola kumayamba masabata 3 kapena 4 chiwokerereni. Tengani masamba awiri akunsi pa mbewu iliyonse, musiye osachepera 4 ndi nsonga yake. Matumba 3 othyoledwa mosinthana amapatsa banja laling'ono ndiwo kangapo pa sabata. Kutentha kukakula mpiru umathamangira maluwa, masamba amachepa ndi kuwawa, ndipo palibe madzi kapena feteleza amene angaubweze. Uzuleni. Onjezani manyowa odzadza manja awiri pamwamba, ndipo m'mabowo omwewo muwokere bonongwe kapena mutsomeke mphukira za mbatata za kholowa, pamwamba mudzale khobwe wa chitambe. Izi zimakondwa ndi dzuwa la Okutobala. Thumba lenilenilo limafumbwa ndi dzuwa pakatha miyezi ingapo. Likayamba kung'ambika livekeni linzake kunja, ndipo mvula ikayamba khuthulani dothilo, musakanize ndi manyowa atsopano, miyala muisunge.