Uphungu wa maganizo si malangizo a ankhoswe

Odwala ambiri amene ndimawaona kuno ku Dedza akauzidwa kuti akufunika uphungu, amayembekezera kukalangizidwa monga achitira ankhoswe pa mlandu wa banja, ndipo ena amanena mosabisa kuti mawu sachiza munthu, bola jakisoni. Maganizo awiri onsewa ndi olakwika.

Njira ya uphungu imene yafufuzidwa kwambiri ndi ya CBT, yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake, imene dokotala wa ku America, Aaron Beck, anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1960. Phungu wa njirayi sauza munthu chochita. Mlimi wa mbatata wa ku Bembeke amene mbewu zake zapserera, n'kuyamba kudziona ngati wopanda pake, amathandizidwa kuliyesa ganizolo ngati mmene timayesera umboni pabwalo, kenako amagwirizana ndi phunguyo za ntchito yokachita kunyumba, monga kubwerera kudimba kapena kukayendera mnansi amene wakhala akumupewa. Kafukufuku wa m'maiko ambiri waonetsa kuti pa nkhawa ndi pa matenda okhumudwa amene sanafike poipitsitsa, njirayi imathandiza mofanana ndi mankhwala.

Ena amati zimenezi ndi za azungu. Komatu ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala ndi anthu oganiza kwambiri, n'kumawathandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza okha njira yolithetsera. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2016 zinaonetsa kuti patatha miyezi 6, anthu pafupifupi 14 mwa 100 alionse amene anakhala pabenchipo anali adakali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali 50. Ine chimandikhudza n'chakuti agogowo sanapite kuyunivesite, anangophunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa.

Koma si kulankhula kulikonse kumene kumachiza, ndipo apa m'pamene anthu a mtima wabwino amalakwitsa. Minibasi ikagubuduzika pa msewu wa M1, pamapezeka ofuna kusonkhanitsa opulumuka kuti aliyense afotokoze mwatsatanetsatane zimene anaona, poganiza kuti za kukhosi zikatuluka mtima umapepuka. Ofufuza anapeza kuti kukambirana kotereku, kochitika kamodzi ngozi itangochitika, sikuteteza munthu, ndipo kwa ena kumawonjezera vuto, n'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO silikulimbikitsa. Chofunika m'masiku oyambirira ndi chitetezo, chakudya, abale pafupi, ndi munthu womvetsera ngati wopulumukayo wafuna yekha kulankhula. Maloto oopsa ndi mantha zikapitirira mwezi, pamenepo uphungu wa katswiri umagwira ntchito.

Munthu amene akumva mawu amene ena sakuwamva, kapena amene akugwa khunyu, afunika mankhwala a kuchipatala choyamba, uphungu n'kumatsatira pambuyo. Ndipo wina akatchula zofuna kudzipha, mufunseni mwachindunji, popeza kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu, kenako mumuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.