Masiku amene mwakhala kumudzi amawerengedwa

Ndatopa nawo mawu akuti "viza yanga sinathe, ndiye palibe vuto." Ndimawamva kwa anamwino ndi osamalira okalamba ochokera ku Nsanje ndi ku Chikwawa amene akugwira ntchito ku United Kingdom (UK), ndimawamvanso kwa makolo awo ku Bangula ndi ku Ngabu, amene amaona kuti mwana akabwera kumaliro ayenera kukhala kufikira sadaka itachitika. Viza imene sinathe imakulolani kubwerera kuntchito, koma siitsimikiza kuti mudzapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, chimene kumeneko amachitcha Indefinite Leave to Remain.

Munthu wa viza ya ntchito yotchedwa Skilled Worker kapena Health and Care Worker amapempha chilolezochi akakwanitsa zaka 5, ndipo m'zaka zimenezo sayenera kukhala kunja kwa dzikolo masiku opitirira 180 m'miyezi 12 iliyonse. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Miyezi 12 imeneyi siyambira mu Januwale kulekeza mu Disembala; kuchokera pa 11 Januwale 2018, a Home Office, unduna wa boma la UK woona zolowa ndi kutuluka m'dziko, amatha kuyamba kuwerenga pa tsiku lililonse n'kuona miyezi 12 yotsatizana. Ulendo wa kumapeto kwa chaka chino ndi wa kumayambiriro kwa chaka chamawa amauika m'dengu limodzi.

Pali mayi wina, namwino wochokera kutsidya kwa Shire cha ku Makhanga, amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere. Anabwera kumudzi mu Okutobala 2022 kudzadwazika mayi ake, nawaika m'manda, ndipo anakhala masiku 90. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ya pakhomo, ndipo popeza m'banjamo ndiye amene onse amayang'anako, anabweranso mu Epulo kudzayang'anira ntchito yomanga nyumba kumtunda. Anakhala masiku 100. M'kawerengedwe kake, 2022 inali ndi 90 ndipo 2023 inali ndi 100, zonse zosafika 180. M'kawerengedwe ka lamulo, kuchokera mu Okutobala 2022 kufika mu Seputembala 2023 anali kunja masiku 190. Masiku khumi okha anagwetsa zaka zonse zimene anali atasonkhanitsa, ndipo kuwerenga kunayambanso pamene anabwerera komaliza.

Chimene chimandiwawa n'chakuti lamulo linali ndi khomo loti akanatulukirapo. Masiku amene munthu wakhala kunja chifukwa cha matenda oika moyo pachiswe kapena imfa ya wachibale wapafupi akhoza osawerengedwa, chimodzimodzinso masiku amene ulendo unasokonezeka chifukwa cha ngozi yachilengedwe kapena mliri. Koma amafuna umboni wolembedwa. Kabuku ka kuchipatala ka malemu kanapita ndi madzi, imfayo sinalembetsedwe ku National Registration Bureau, ndipo panalibe amene anaganiza zokatenga kalata kwa dokotala kapena kwa anyakwawa nthawi imene anthu anali kukumbukirabe masiku ake. Kumanga nyumba, ngakhale kunali kofunika chotani, sikuli pakati pa zifukwa zimene lamulolo limatchula. Anandipeza kudzafuna uphungu pempho lake litakanidwa kale, ndalama pafupifupi mapaundi 3,000 zitapita, ndipo ndalama zimenezi sabweza. Akanabwera asanagule tikiti ya ulendo wachiwiri, tikanangodula milungu iwiri pa ulendowo, nkhani n'kutha.

Pali chinanso chimene achibale sachidziwa pamene akuumiriza mwana kuti "bakhalani, mupumeko." Wolemba ntchito amene anakuitanitsani pa viza yotere amayenera kudziwitsa boma mukajomba osalipidwa milungu yopitirira inayi pa chaka, kupatula pa zifukwa zochepa monga tchuthi cha uchembere kapena matenda, ndipo vizayo ikhoza kufupikitsidwa. Chilolezo cha pakamwa cha bwana wa pantchito sichisintha lamuloli.

Tsono madobadoba. Adzaza m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo uphungu wawo ndi umodzi: siyani ulendo wina osaulemba pa fomu, kapena sinthani masiku, poti pasipoti yakale inatayika. Uku n'kudzikumbira dzenje. Makampani a ndege amapereka ku boma la UK mayina a okwera, kotero tsiku limene munanyamuka pa bwalo la ndege la Heathrow ndi limene munabwerera amalidziwa ngakhale pasipoti ilibe chidindo. Wopyola masiku amangochedwa, koma wogwidwa ndi bodza amakanidwa chifukwa cha chinyengo, ndipo banga limenelo limamutsata m'mapempho ena onse, kuphatikizapo la unzika. Ku UK ndi mlandu kupereka uphungu wa zolowa ndi kutuluka m'dziko popanda kuvomerezedwa, choncho musanalipire aliyense funsani ngati ndi loya wolembetsedwa kapena ali m'kaundula wa Immigration Advice Authority, bungwe loyang'anira aphungu otere. Akayamba kuzungulira, musamupatse ngakhale khobidi.

Kuzengereza nakonso kwafika poopsa, chifukwa mu Meyi 2025 boma la UK linalengeza maganizo okweza zaka zodikira kuchoka pa 5 kufika pa 10 kwa anthu ambiri. Munthu amaloledwa kupereka pempho kutatsala masiku 28 kuti zaka zake zikwane, ndipo sindiona chifukwa chodikirira. Mukachipeza chilolezocho musaganize kuti mwamasuka kubwera kudzalima thonje ku Ngabu mpaka mutatopa, pakuti chimafa mukakhala kunja zaka ziwiri zotsatizana, ndipo wofuna unzika sayenera kupyola masiku 450 kunja m'zaka 5, kapena 90 m'miyezi 12 yomaliza.

Namwino uja akadali pa viza ya ntchito. Tsopano ali ndi kope limene amalembamo tsiku lonyamuka ndi lobwerera la ulendo uliwonse, ndipo matikiti onse amawasunga. Chaka chatha malume ake atamwalira, anatumiza ndalama za bokosi ndi ufa, iye osabwera, ndipo kumudzi ena mpaka lero sanamukhululukire.