Za .44 Magnum ndi anthu ofuna kudziteteza nayo

Funso limene ndatopa nalo pa ntchito yanga yophunzitsa kuwombera ndi ili: "Aphunzitsi, mfuti yamphamvu kwambiri imene ndingagule ndi iti?" Safunsa kuti ndi iti imene dzanja lawo lingaigwire bwino, kapena imene angakwanitse kuigulira zipolopolo zoyeserera mwezi ndi mwezi. Amabwera atasankha kale mumtima, ndipo dzina limakhala lomwelo: revolver ya .44 Magnum, mfuti ya m'manja imene zipolopolo zake zimakhala mu silinda yozungulira. Ena amafika mpaka pa .500 Smith & Wesson ija inatuluka mu 2003, poti anaiona pa YouTube ikuphulitsa mavwende. Ndimagwira ntchitoyi kuno ku Gauteng, ku South Africa, ndipo mwa ofunsawo mumakhalanso abale athu ochokera ku Malawi ndi ku Zambia amene anakhazikika kuno, ali ndi mashopu kapena magalimoto onyamula katundu, ndipo achifwamba anawayenderapo kale. Mantha awo ndimawamvetsa. Koma mfuti imene asankhayo si yoyenera ntchito imene akuifunira.

Kampani ya Smith & Wesson ndi ya Remington zinatulutsa .44 Magnum cha m'ma 1955, polimbikitsidwa ndi Elmer Keith, mlenje wa ku America amene ankafuna mfuti ya m'manja yogwetsa nyama zikuluzikulu. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo imaigwira bwino. Mpaka lero oyenda m'nkhalango za ku Alaska amainyamula poopa zimbalangondo. Chipolopolo chake chofala chimalemera magalamu oposa 15, chimatuluka pa liwiro loposa mamita 350 pa sekondi, ndipo mphamvu yake imaposa katatu ya chipolopolo wamba cha revolver chotchedwa .38 Special.

Mphamvu yonseyo sipita kutsogolo kokha. Mfuti imamenya dzanja, mpope n'kudumphira m'mwamba, ndipo thupi la munthu silichedwa kuphunzira mantha. Ndili ndi njira yoonetsera zimenezi. Ndimatenga revolver ya wophunzirayo, iye atayang'ana kumbali, n'kuikamo zipolopolo zisanu zenizeni ndi chimodzi chopanda wonga, kenako n'kumubwezera. Akafika pa chopanda wongacho mfuti imangoti kete, koma mpope wagwa pansi, maso watsinzina, phewa lafika kukhutu. Palibe chimene chaphulika. Mwini wake ndi amene wakankhira mfuti pansi podikira ululu, ndipo ankachitanso chimodzimodzi pa zipolopolo zenizeni zija, n'chifukwa chake pepala lili ndi mabowo kumunsi kokhakokha. Apa ndi masana, pa mamita 7, pepala lili phee, iye wavala zotseka m'makutu. Kuchipinda kwanu usiku simudzavala zotseka m'makutu. Kulira kwa magnum kumaposa madesibelo 160, ndipo pakati pa makoma anayi kungakuwonongeni makutu mpaka kalekale. Moto wotuluka kumpope umakuthobwani m'maso mumdima. Mukawombera kamodzi, simukumvanso mawu a mkazi wanu, simukuonanso pamene wachifwamba waima.

Pali bambo wina amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere. Anali ndi shopu, munthu wofatsa, wolimbikira ntchito. Anaphunzira pa ine ndi .38 Special ndipo ankalasa bwino ndithu. Ndinawauza kuti, "Bambo, gulani yofanana ndi imene mwaphunzirirayi." Anzawo anawauza kuti .38 ndi ya amayi. Anakagula .44 Magnum, ndi bokosi la zipolopolo za alenje, zija zopangidwa kuti zipyole fupa la nyama. Anayesa kamodzi, dzanja linawawa, mtengo wa zipolopolo nawo unawawa, mfuti n'kuitsekera. Panapita zaka pafupifupi ziwiri. Usiku wina anthu anayamba kuthyola chitseko chakukhitchini. Bambowo anawombera kawiri, osalasa aliyense, ndipo akubawo anathawa. Koma kuseri kwa nyumba yawo kunali tizipinda tamalata ta lendi, monga mmene zilili m'mabwalo ambiri kuno. Chipolopolo chimodzi chinapyola chitseko, n'kupyola lata, n'kukapeza mnyamata atagona pa matiresi ake. Chinamuswa chiuno. Mnyamatayo ali moyo, koma ntchito yake inali yomanga nyumba, ndipo sangakwerenso makwerero. Apolisi atatenga bokosi lija anapezamo zipolopolo zonse kupatula zochepa zimene anayesera tsiku loyamba ndi zimene zinali mumfuti. Bambowo si chigawenga. Anagula mfuti imene ankaiopa, ndiye sanaiphunzire, ndipo amene akulipira mpaka lero ndi mwana wa eni amene sanawalakwire chilichonse.

Chimene chimapusitsa anthu ndi zimene amaona m'mafilimu, zoti chipolopolo chachikulu chimamunyamula munthu n'kumuponya chagada. Chikanakhala ndi mphamvu yotero chikanagwetsanso wowomberayo. Munthu woukira amasiya pa zifukwa ziwiri: wachita mantha, kapena chipolopolo chafika pa chiwalo chimene thupi silingapitirire popanda icho. A FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America, anaphunzira zimenezi ndi magazi. Pa 11 April 1986 ku Miami, apolisi awo asanu ndi atatu anawomberana ndi mbava ziwiri zothyola mabanki. Apolisi awiri anafa, asanu anavulala. Mmodzi wa mbavazo, Michael Platt, analasidwa koyambirira ndi chipolopolo chimene chinaima pafupi ndi mtima osaufika, ndipo anapitiriza kuwombera. Kuchokera pamenepo FBI inakhazikitsa muyeso: chipolopolo chizilowa masentimita 30 mpaka 45 mu jelatini yoyesera. Chikachepera pamenepo sichifika pofunika, chikapitirira chimatuluka n'kukafuna wina. Anayesa zipolopolo zazikulu, 10mm kenako .40 S&W, koma cha m'ma 2015 anabwerera ku 9mm, chifukwa zipolopolo zamakono zimakwanitsa muyesowo ndipo apolisi awo amalasa bwino ndi mfuti yosamenya dzanja. Awa ndi anthu amene boma limawagulira zipolopolo zoyeserera. Inu mukugula nokha.

Ngati mtima wanu uli pa revolver, sindikukanizani. Ndi mfuti yosavuta, imapirira kukhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, ndipo chipolopolo chikakana kuphulika mumangokokanso trigger, kachitsulo kowombera kamene mumakoka ndi chala. Gulani ya .357 Magnum yachitsulo, ya mpope wa mainchesi atatu kapena anayi, monga Ruger GP100, Smith & Wesson 686, kapena Taurus ya msinkhu womwewo ngati thumba ndi lochepa. Imalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ndipo kulemerako n'kumene kumameza kumenya kwa mfuti. Mukatero muziikamo .38 Special. Zimalowa bwinobwino, chifukwa .357 Magnum, imene inatuluka mu 1935, ndi .38 Special yomweyo imene anaitalikitsa chikhokhombe ndi mamilimita atatu n'cholinga choti isalowe m'mfuti zakale zosalimba. Kunenepa kwa chipolopolo n'kumodzi, mamilimita 9. Zotchipa za mutu wobulungira muziyeserera. Zodzitetezera zikhale .38 Special +P (zamphamvu pang'ono kuposa zawamba) za hollow point, zija zili ndi dzenje kunsonga: zikalowa m'thupi zimatambasuka ngati bowa n'kuima momwemo. Ziyeseni mumfuti yanu musanazidalire. Mukadzafika poti zisanu ndi chimodzi zonse zikugwera malo amodzi mofulumira, tidzakambirana za magnum.

Amene munagula kale .44 Magnum, chotsanimo zipolopolo za alenje lero lomwe, mufunefune .44 Special za hollow point. Zimalowa mumfuti yanuyo ndipo n'zofatsa. Vuto lake n'zosowa ndiponso n'zodula, ndiye muwerengere bwino ngati kugulitsa mfutiyo kudzera kwa wogulitsa wovomerezeka sikungakhale kwanzeru.

Timfuti tating'ono topepuka tolembedwa kuti Magnum, tija mumatikonda poti timalowa m'thumba, nditoipitsitsa pa zonse kwa wophunzira. Timamenya dzanja koopsa, moti nthawi zina zipolopolo zotsala zimasololoka m'zikhokhombe zake n'kutsekereza silinda kuti isazungulire. Ndipo pa revolver iliyonse, chala chachikulu chisayandikire mpata wa pakati pa silinda ndi mpope. Mpweya wamoto wotuluka pamenepo umang'amba chala. Yesaninso trigger musanapereke ndalama. Ya revolver imafuna mphamvu yofika makilogalamu asanu, ndipo ndaonapo azibambo a manja olimba akulephera kuikoka mpope uli chilili. Ngati mukuti mayi akunyumba azidzaigwiritsanso ntchito, abwere adzaiyese okha, ndipo nawonso lamulo limafuna kuti aphunzire ndi kutenga laisensi yawo pa mfuti yomweyo.

Tsopano za anthu amene amandipsetsa mtima. Pali ogulitsa zipolopolo za m'jumbo, zodzaza okha kuseri kwa galaja, theka la mtengo. Kudzaza zipolopolo ndi luso ndipo alipo amene amalidziwa, koma inu simudziwa amene anadzaza zimenezo. Chimodzi chikachepa wonga, mutu wake umaima pakati pa mpope; mukawombera chotsatira, mpope umatupa kapena kung'ambika uli m'manja mwanu. Chikachuluka wonga, silinda imasweka. Palinso ena amene amakuuzani kuti mungopereka ndalama, satifiketi ya maphunziro ituluka osaponda pa malo owomberera. Pepalalo silidzakuwongolerani dzanja, ndipo tsiku limene mudzawombere munthu, apolisi adzalifufuza kumene linachokera. Wina amakunong'onezani kuti ali ndi mfuti yopanda manambala, palibe kudikira. Kupezeka ndi mfuti yopanda laisensi ku South Africa kungakupatseni zaka 15 m'ndende, ndipo mfuti yoteroyo ikhoza kukhala itapha kale munthu, mlanduwo n'kudzakhala pamutu panu. Za asing'anga otema mphini kuti chipolopolo chisanduke madzi, chonde, abale anga, anthu aikidwa m'manda ali ndi mphini zawo.

Lamulo la kuno, Firearms Control Act ya 2000, silibisa mawu. Muyenera kukhala ndi zaka 21, ndiponso kukhala nzika kapena mwini chilolezo chokhala kuno mpaka kale. Pepala la ntchito kapena la asylum silikwanira, ndiye wina asakudyereni ndalama kuti akukonzerani. Mumayamba ndi maphunziro, kenako competency, satifiketi ya apolisi a South Africa (SAPS) yosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, kenako laisensi. Yodzitetezera, ya section 13 ya lamuloli, ndi ya mfuti imodzi yokha, n'chifukwa chake kusankha molakwika kumapweteka: simungangowonjezera ina mawa. Zipolopolo zisapitirire 200. Mfuti ikakhala kuti sili pathupi panu, ikhale mu safe yomangirira kukhoma kapena pansi, kiyi ali kwa inu, osati pansi pa pilo pamene mwana angafike. Ndipo laisensi sikupatsani ufulu wowombera munthu amene akuthawa ndi TV yanu, kapena chithunzi chimene chili kuseri kwa chitseko. Mumawombera pokhapokha moyo uli pangozi nthawi yomweyo, mukumuona amene mukumuwombera, ndiponso mukudziwa chimene chili kumbuyo kwake. Amene muli ku Malawi, chilolezo chimachokeranso ku polisi koma malamulo ndi ena. Kafunseni komweko, musatengere za kuno.

Laisensi ya section 13 imatha pakapita zaka zisanu, ndipo pempho lokonzanso liyenera kuperekedwa kutatsala masiku osachepera 90. Apa anthu amagwa kwambiri. Amabwera kwa ine tsiku litadutsa kale, akuti anali otanganidwa, pamene mfuti imene ili m'nyumba mwawo ilibenso chilolezo. Tulutsani khadi lanu muone tsiku limene lalembedwapo, muwerenge miyezi inayi chobwerera m'mbuyo, ndipo sabata imeneyo mukaonekere kwa wapolisi woona za mfuti wa kudera lanu.