Musathamangire galasi lokuza kwambiri pomanga tisitima

Anthu omanga tizifanizo ta sitima zapamtunda ndi tinjanji take akabwera kudzapimitsa maso, pempho lawo limakhala limodzi, loti ndiwapatse galasi lamphamvu kuposa onse. Nthawi zambiri ndimakana.

Vuto lawo ndi la msinkhu. Munthu akapitirira zaka 40, lenzi ya m'diso imayamba kuuma ndipo imalephera kusintha kuti aone zapafupi. Madokotala timati presbyopia. Tsono taganizani munthu wa zaka 60 akulumikiza mawaya pa kanjanji ka saizi yotchedwa N, kamene mpata wake ndi mamilimita 9 okha, kapena akupenta nambala pabogi la saizi yotchedwa HO, lochepa ka 87 poyerekeza ndi bogi lenileni. Diso limatopa msanga, mutu nkuyamba kuwawa.

Koma galasi likamakuza kwambiri, limakukakamizani kuyandikitsa nkhope pa chimene mukugwira. Lenzi ya mphamvu ya +2.00 imaona bwino pa masentimita 50, ya +4.00 pa 25. Magalasi ovala kumutu monga OptiVISOR nawonso ndi choncho: lokuza ka 2.5 limafuna masentimita pafupifupi 20, lokuza ka 3.5 limafuna 10 basi. Pamenepo burashi imagunda galasi, utsi wowotcherera mawaya umalowa m'mphuno, ndipo dzanja likangonjenjemera pang'ono, kachinthu kaja kamasanduka chimbuuzi. Kwa ambiri, kukuza ka 2 kapena 2.5 kumakwana.

Kagalasi ka diso limodzi, ka okonza mawotchi, nkabwino poyang'ana ngati gudumu lakhala bwino panjanji, koma osati pogwira ntchito. Ndi diso limodzi simudziwa bwino kuti nsonga ya burashi yatalikirana bwanji ndi chimene mukupenta, mumangozindikira penti yadontha pawindo la kabogi.

Musanagule chilichonse, wonjezerani kuwala. Diso la munthu wa zaka 60 limalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kumene diso la wa zaka 20 limalandira. Nyale ya LED yoikidwa chammbali, kuti dzanja lisachite mthunzi, imathetsa theka la madandaulo amene ndimamva. Ngati nyaleyo ili ndi galasi lokuza, muzilivundikira mukamaliza, chifukwa dzuwa likadutsamo likhoza kuyatsa pepala patebulo.

Koma ngati diso limodzi likuona mwachimbuuzi kuposa linzake, kapena njanji yowongoka ikuoneka yokhota, galasi lokuza silingakuthandizeni. Ikhoza kukhala ng'ala kapena vuto la kumbuyo kwa diso, makamaka kwa odwala shuga. Kapimitseni msanga, ndipo mutenge kabogi kamodzi m'thumba kuti tiyezere pomwe mumagwirira ntchito.