Ligi ya 2016 sinali ya Songo ayi

Abale anga a UD Songo, nkhani imene mumakanganirana ndi a timu ya Chingale pa msika wa Ulónguè ija, yoti munatenga Moçambola, ligi ya mpira ya ku Mozambique, mu 2016, siyoona. Chaka chimenecho ligi inapita kwa Ferroviário da Beira, inu munathera pa nambala 2. Chikho chomwe mukukumbukiracho ndi Taça de Moçambique, ija yochotsana yoti ukaluza basi watuluka, pomwe ligi ndi mapointi a sizoni yonse. Moçambola yanu yoyamba inabwera 2017 kochi ali Chiquinho Conde, kenako 2018 ndi 2022, ndiye mukuwonjezeranji chaka cha eni ake pomwe zanu zilipo kale? Koma a Chingale musaseke kwambiri, inu ligiyo simunaigwirepo.