Injekita kulowa pabowo sikuti ndiye yagwirizana ndi injini

Ndatopa kumva mawu akuti "yalowa bwinobwino, pulagi ya mawaya ake ndi yomweyo." Munthu wagula mainjekita (tizipangizo topopera petulo mu injini) ochotsa ku galimoto ina, makaniko wamanga, injini yalira, onse akuwomba m'manja. Pakapita sabata galimoto ija ikunjenjemera ikaima, nthawi zina kuzima pa sitepe, koma ikagwira msewu wa ku Liwonde ikuthamanga ngati palibe vuto. Apa ndi pomwe anthu amayamba kutaya ndalama pa mapulagi ndi makoyilo osalakwa.

Injekita sitseguka nthawi yomweyo imene kompyuta ya injini yaituma. Magetsi ayambe adzaza mu koyilo yake, maginito akoke kasingano kamene kakukanikizidwa ndi sipuling'i komanso mphamvu ya petulo, kenako mafuta atuluke. Kuchedwa kumeneku timati dead time, ndipo pa mainjekita ambiri a petulo kumakhala pafupifupi milisekondi imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi) magetsi akakhala 14V. Kompyuta imadziwa kuchedwaku ndipo imawonjezera nthawiyo pa kutsegula kulikonse. Koma nambala imene ikudziwa ndi ya injekita yomwe inabwera ndi injiniyo kuchokera ku fakitale, osati imene mwatola pamsika.

Werengani nokha. Injini ikamalira galimoto itaima, injekita imatumidwa kwa milisekondi ziwiri kapena zitatu basi. Kulakwitsa ndi milisekondi 0.3 pamenepo ndi kusintha mafuta ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, mwinanso kuposa. Mukakwera phiri la ku Chowe polowera ku Namwera, injekita imatsegula milisekondi zoposa khumi, ndiye 0.3 yomweyo sioneka. Nchifukwa chake matendawa amabisala pa liwiro.

Magetsi nawo ali ndi gawo. Akatsika, kasingano kamachedwa kwambiri kutseguka. Kompyuta ili ndi tebulo la manambala lokonzera zimenezi, koma tebulolo ndi la injekita yoyambirira ija. Kuno ku Mangochi kutentha kumapha mabatire msanga, ndipo fani ya redieta imazungulira pafupipafupi. Usiku muyatse nyali, fani idzuke, alutaneta yotopa ilephere kusunga 13.5V, injini ija iyamba kutsamwa.

Pali Sienta ina yonyamula anthu pakati pa boma ndi Monkey Bay imene imandiwawabe mumtima. Mwini wake anaikiridwa mainjekita a injini ina, otseguka msanga komanso otulutsa mafuta ambiri. Nyali yochenjeza za vuto la injini itayaka, wina anangoichotsa babu nkumuuza kuti galimoto za ku Japan zimatero. Anayenda nayo miyezi. Pofika kwa ine mapulagi anali bii ndi mwaye, ndodo yoyezera oyilo ikununkha petulo, oyiloyo atachepa mphamvu moti amatsetsereka pachala ngati madzi. Petulo wosapsa anali atatsuka makoma a masilinda, injini yayamba kale kudya oyilo. Bamboyo ankadyetsa banja ndi galimoto imeneyo, ndipo ndalama yokonzera injini yonse analibe. Mainjekita anayi oyenera akanamupulumutsa akanabwera sabata yoyamba.

Kuyeza sikovuta kwa amene ali ndi makina olumikiza ku kompyuta ya galimoto. Injini itenthe, muone manambala a fuel trim (osonyeza mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa) itaima, muonenso pa 2,500 rpm. Akakhala kutali ndi ziro itaima nkubwerera mukaponda, yambani mwafufuza paipi yobooka yomwe ikulowetsa mpweya, chifukwa nayo imaonetsa chimodzimodzi. Ngati palibe paipi yobooka, yatsani nyali ndi fani muone ngati manambala akusuntha limodzi ndi magetsi. Makaniko amene sanayeze batire ndi alutaneta asakhudze injekita yanu. Ndipo amene akufuna kuzula sensa ya pa ekizozi kuti injini "ikhazikike", mulandeni makiyi. Akuchotsa diso lokhalo limene kompyuta imaonera kuti mafuta achuluka.

Pa kompyuta ya fakitale ya Toyota simungalowe nkusintha tebulo la dead time pagalaja wamba. Njira ndi kugula injekita ya nambala yomweyo. Nambalayo imalembedwa pathupi pake, pa Toyota imayamba ndi 23250, ndipo manambala otsatirawo afanane pa zonse zinayi. Anyamata amene mukumanga makompyuta osinthika ngati Speeduino kapena Haltech, lembani dead time ya pa magetsi osiyanasiyana kuchokera kwa wopanga injekitayo musanayambe kukonza tebulo la mafuta. Mukabisa cholakwikacho mu tebulo la mafuta, injini idzalira bwino masana, koma magetsi akangotsika idzakuzimirani.

Za petulo wa m'zigubu ndinenenso: zinyalala ndi madzi ake zimamatirira pa kasingano nkukachedwetsa, injekita iliyonse mosiyana ndi inzake. Pamenepo palibe tebulo lingathandize. Injekitazo zitsukidwe, ziyezedwe pa makina, yolephera ichotsedwe.